Mwini Madzi Ndani? Mbiri ya Malo ndi Madzi m'Boma la Karonga

Munthu amene adayendapo pamsewu wochokera ku Chilumba kukafika kumalire a Songwe m'nyengo ya dzinja sangatsutse kuti Karonga ndi dziko la madzi. Kum'mawa kuli nyanja, kumadzulo kuli mapiri, ndipo pakati pa ziwirizi pali chigwa chachonde mmene mumadutsa mitsinje ya Hara, Wovwe, Rukuru wa Kumpoto, Lufilya ndi Songwe. Mitsinjeyi ikasefukira imasiya madambo, maiwe ndi matamanda mmene anthu amalimamo mpunga, kumwetsamo ng'ombe ndiponso kuphamo nsomba. Moyo wa anthu a m'bomali udamangika pamadzi amenewa kuyambira kalekale.

Tsono funso limene tifuna kulingalira m'nkhani ino ndi ili: kodi madzi amenewa, pamodzi ndi nthaka imene akhalapo, mwini wake ndani? Funsoli limaoneka lapafupi, koma m'zaka zosakwana 150 layankhidwa mosiyanasiyana. Poyamba adaliyankha ndi mafumu potsata mwambo wa makolo. Kenaka kampani ya Azungu idaliyankha ndi chikalata. Pambuyo pake boma, loyamba la atsamunda ndipo kenaka lathu lomwe, lidaliyankha ndi lamulo. Nthawi iliyonse pamene yankho lidasintha, padali ena amene adapindula ndi ena amene adalira.

Mwambo wa makolo

Angonde adakhazikika m'chigwa cha Karonga pansi pa ufumu wa Kyungu, umene likulu lake lidali paphiri la Mbande. Akatswiri a mbiri yakale, monga Owen Kalinga amene adalemba buku la mbiri ya ufumuwu, amati udayamba cha m'ma 1600. Anthu ake adatchuka ndi minda ya nthochi, ng'ombe zambiri ndi midzi yaukhondo imene idadabwitsa alendo oyamba ochokera ku Ulaya.

M'mwambo wa Angonde, monganso m'mitundu ina yambiri ya m'dziko muno, nthaka sidali katundu wogulitsa. Mfumu idali msungi wa dziko m'malo mwa anthu ake: amoyo, akufa ndi osabadwa. Munthu akafuna munda ankapempha kwa mfumu ya mudzi, ndipo akapatsidwa ankalima iye ndi ana ake popanda womusokoneza. Koma mtsinje, dziwe, dooko ndi busa la ng'ombe zidali za onse. Munthu ankatha kunena kuti munda uwu ndi wanga chifukwa adaugwetsera thukuta, koma kunena kuti dziwe ili ndi langa ndekha kukadamveka ngati misala. Tiyenera kugwiritsa mfundo imeneyi, pakuti mikangano yonse imene idatsatira idachokera pakusiyana kwa maganizo amenewa ndi maganizo a alendo.

Kufika kwa Mandala

M'chaka cha 1878 amalonda ena a mumzinda wa Glasgow ku Scotland adayambitsa kampani imene idadzadziwika ndi dzina loti African Lakes Company. Oyendetsa ake kuno adali abale awiri, John Moir ndi Frederick Moir. Anthu adaitcha kampaniyi Mandala chifukwa cha magalasi amene John Moir ankavala. Cholinga chake chidali kuthandiza amishoni pamtengatenga ndi kuchita malonda, makamaka a minyanga ya njovu.

Karonga adali malo ofunika kwa kampaniyi chifukwa ndi pamene pankayambira msewu wa Stevenson, umene udayamba kulambulidwa mu 1881 kuti ulumikize nyanja yathu ndi nyanja ya Tanganyika. M'chaka cha 1884 Monteith Fotheringham adatsegula sitolo ya kampaniyi pa Karonga. Cha m'ma 1885 nthumwi za kampani zidayenda kwa mafumu ambiri a m'mbali mwa nyanja ndi mapepala a mapangano. Mafumu, amene sankadziwa kulemba kapena kuwerenga Chingerezi, adaika zizindikiro zawo pamapepalapo nalandira mphatso za nsalu ndi katundu wina. Kampaniyi inkafuna kuti mapepalawo adzaithandize kupeza chilolezo cha boma la Britain choti izilamulira dzikoli. Chilolezocho sidachipeze, koma mapepala aja idawasunga bwinobwino.

Apa m'pofunika kufunsa: kodi mafumu aja ankaganiza kuti akuchita chiyani? Mfumu imene idakulira m'mwambo woti nthaka sagulitsa ikadamva bwanji kuti nsalu zochepa zagula mitsinje, mapiri ndi manda a makolo ake? Kwa iyo, kulandira mphatso kwa mlendo ndi kumulola kumanga pafupi kudali kupalana ubwenzi. Kwa kampani, pepala lomwelo lidali umboni wa malonda. Anthu awiri adakhala pamphasa imodzi, nagwirana chanza, koma aliyense adanyamuka ndi nkhani yakeyake.

Nkhondo ya Mlozi

Nthawi yomweyo amalonda Achiswahili adali atamanga malinga awo m'dera lomweli. Wamkulu wawo adali Mlozi, amene adakhala ku Mpata m'mbali mwa mtsinje wa Rukuru, ndipo anzake adali Kopakopa ndi Msalemu. Poyamba iwowa ankagulitsa minyanga kusitolo ya Mandala. M'chaka cha 1887 ubale wawo ndi Angonde udasokonekera ndipo nkhondo idabuka. Angonde ambiri adathawira m'bango la m'thamanda la Kambwe, pafupi ndi nyanja. Adani awo adayatsa bangolo, ndipo anthu ochuluka adafa ndi moto, ena ndi mikondo, ena adagwidwa ndi ng'ona pothawira m'madzi. Thamanda limene lidali kudyetsa anthu lidasanduka manda awo.

Kampani ya Mandala idalowa m'nkhondoyi, ndipo mu 1888 idathandizidwa ndi msilikali wina dzina lake Frederick Lugard, amene adavulazidwa pofuna kugwetsa linga la adaniwo. Nkhondoyi idaima mu Okotobala 1889 pamene Harry Johnston adapangana za mtendere ndi Mlozi, koma idatheratu mu Disembala 1895 pamene asilikali a Johnston adagwetsa linga la Mpata ndipo Mlozi adanyongedwa. Angonde adapulumuka, koma chipulumutsocho chidali ndi mtengo wake. Kampani imene idawathandiza idatuluka m'nkhondomo ili ndi mawu amphamvu pamaso pa boma la Britain, ndipo Angonde, atafooka ndi nkhondo, sadali ndi mwayi wofunsa zimene zidalembedwa m'mapepala aja.

Zikalata za Johnston

Mu 1891 Britain idalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, ndipo Harry Johnston adakhala wolamulira woyamba. Iye adapeza kuti Azungu ambiri, amishoni, amalonda ndi alimi, ankanena kuti adagula malo kwa mafumu. Kuyambira mu 1892, iye ndi womuthandiza wake Alfred Sharpe adayamba kufufuza zonenazi. Amene zonena zawo zidavomerezedwa adapatsidwa chikalata chotchedwa Certificate of Claim, chimene chinkawayesa eni malowo mpaka muyaya.

Malo onse amene adaperekedwa mwa njira imeneyi adakwana pafupifupi maekala 3,700,000, ndiye kuti pafupifupi magawo 15 mwa magawo 100 a nthaka yonse ya dziko lino. Chodabwitsa n'chakuti maekala opitirira 2,700,000 mwa amenewa adali m'boma limodzi lokha la North Nyasa, limene linkaphatikiza Karonga, Chitipa ndi mbali ina ya Rumphi wa lero. Maziko a umwini umenewu adali mapangano aja a Mandala. Koma kampaniyi idali itasauka ndi nkhondo, motero malowo adagwera m'manja mwa kampani ina yaikulu, British South Africa Company ya Cecil Rhodes. Tisaiwale kuti kampani ya Rhodes yomweyi ndiyo inkapereka mapaundi 10,000 pachaka othandizira kuyendetsa boma la Johnston m'zaka zoyambirirazo. Woweruza amene akudya m'mbale ya mmodzi mwa odzaweruzidwa savuta kumudziwa kumene adzapendekere.

Komabe Johnston adaikamo mfundo ziwiri m'zikalatazo zimene zidadzakhala zofunika kwambiri. Yoyamba idali yoti midzi ndi minda imene idalipo kale pamalowo isasunthidwe popanda chilolezo cha boma. Yachiwiri idali yoti boma lidadzisungira mphamvu zolambula misewu, njanji ndi ngalande pamalo a munthu aliyense, ndiponso zoyang'anira madzi. Apa ndi pamene tikuona koyamba m'mbiri yolembedwa ya dziko lino maganizo oti munthu angathe kukhala mwini nthaka koma osakhala mwini madzi amene ali panthakapo.

Mlandu wa 1903 ndi phunziro lake

Mphamvu ya zikalatazi idayesedwa m'bwalo lamilandu mu 1903, osati ku Karonga koma kumapiri a Shire. Mkulu wa boma woona za anthu akuda adasumira kampani ya Blantyre and East Africa chifukwa cha mapangano amene idachita ndi anthu okhala pamalo ake, owachititsa kuti azilipira malo amene makolo awo adakhalapo kale. Woweruza Nunan adagamula kuti mapanganowo adali osalungama, ndipo adaonetsa kukayika kwake ngati mfumu idali ndi mphamvu, potsata mwambo, zogulitsa nthaka ya anthu ake. Chigamulochi chidagwedeza eni minda ikuluikulu, koma boma la atsamunda silidafune kuchitsata mpaka kumapeto, poopa kugwetsa zikalata zonse. Kumwera mavuto a thangata adapitirira, ndipo adali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915.

Ku Karonga zinthu zidayenda mosiyana. Kampani ya Rhodes sidali ndi chidwi cholima. Maso ake adali pamiyala ya mtengo wapatali imene inkayembekeza kuipeza pansi pa nthaka. Motero sidatsegule minda ikuluikulu ngati ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo Angonde adapitiriza kulima, kuweta ndi kusodza monga kale. Mwana wobadwira ku Kaporo m'chaka cha 1910 ankatha kukula, kukwatira ndi kulima mpunga wake osadziwa kuti pamapepala a ku Zomba ndi ku London dambo lakelo lidali la kampani imene sadaonepo nkhope ya mwini wake. Koma ngozi idalipo ndithu, pakuti tsiku lililonse kampaniyo ikadatha kugulitsa gawo la malowo kwa mlimi Wachizungu, ndipo anthu akadadzuka ali alendo pakhomo pawo.

Boma litenganso malo

Pofika m'zaka za m'ma 1920 akuluakulu a boma la Nyasaland adayamba kuona kuti n'zosamveka kuti boma lathunthu la North Nyasa likhale m'manja mwa kampani imene sinkachitapo kanthu. Boma ndilo linkatolera msonkho, kuweruza milandu ndi kulambula misewu kumeneko, koma nthaka idali ya wina. Kukambirana kudatenga nthawi, pakuti kampani inkaumirira kuti chikalata chake chidali chovomerezeka ndi boma lomwelo. Potsiriza, m'zaka za m'ma 1930, kampaniyo idavomera kusiya umwini wa nthaka ya pamwamba, koma idasunga ufulu wake pamiyala ya pansi.

M'chaka cha 1936 boma la Britain lidakhazikitsa lamulo lotchedwa Native Trust Land Order. Mwa lamuloli, malo onse amene sadali a munthu payekha kapena a boma adayesedwa malo osungidwira anthu akuda. Msungi wake adali nduna ya ku Britain yoona za maiko a atsamunda, ndipo woyendetsa wake adali Bwanamkubwa wa ku Zomba. Madambo, maiwe ndi mitsinje ya Karonga zidachoka m'manja mwa kampani.

Kumeneku kudali kupambana, ndipo n'chifukwa chake Karonga sadadziwe thangata ngati mmene adalidziwira anthu a ku Chiradzulu. Koma wophunzira wochenjera aonepo chinthu china: malowo sadabwezedwe kwa Kyungu ndi anthu ake monga mmene adalili Mandala asadafike. Adachoka kwa kampani napita kwa msungi watsopano, amene ndi boma. Mafumu adapitiriza kugawa minda, koma tsopano ankatero ndi mphamvu zimene lamulo la atsamunda lidawalola, makamaka kuyambira mu 1933 pamene boma lidayamba kulamulira kudzera mwa mafumu.

Kampani ya Rhodes idachita zofananazo kwa anansi athu. Ku Northern Rhodesia idagwiritsa ufulu wa migodi ya kopa, umenenso maziko ake adali mapangano okayikitsa ndi mafumu, mpaka usiku woti mawa lake dzikolo lilandira ufulu wodzilamulira mu Okotobala 1964. Idausiya italandira mapaundi 4,000,000, theka kuchokera ku Britain ndi theka kuchokera ku Zambia. Izi zikutionetsa kulimba kwa pepala likangolowa m'kaundula wa boma.

Malamulo a dziko lodzilamulira

Malawi atalandira ufulu mu 1964, boma latsopano silidataye mphamvu zimene atsamunda adasonkhanitsa. Lidazilandira ndi kuzikulitsa. Lamulo la malo la 1965 lidagawa nthaka m'magulu atatu: malo a boma, malo a munthu payekha ndi malo a makolo. Dziko litakhala lipabuliki mu 1966, malo a boma ndi a makolo adaikidwa m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko. Lamuloli lidapatsa nduna mphamvu zolengeza kuti gawo lina la malo a makolo lasanduka malo a boma ngati likufunika pantchito yothandiza anthu onse. Amene adasunthidwa ankayenera kulandira chipukuta misozi chifukwa cha kusokonezedwako, monga pa nyumba, mitengo ndi mbewu zawo, koma nthaka yeniyeniyo sinkawerengedwa mtengo.

Mu 1969 kudabweranso lamulo la madzi. Lamuloli lidati madzi onse a m'mitsinje, m'nyanja, m'madambo ndi pansi pa nthaka ali m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko. Munthu ankaloledwa kutunga madzi akumwa, ophikira, ochapira ndi omwetsa ziweto zake popanda kupempha, koma wofuna kupatutsa mtsinje kapena kumanga damu ankayenera kutenga chilolezo. Mfundo imene Johnston adaibisa m'zikalata zake tsopano idakhala lamulo la dziko lonse.

Anthu a ku Karonga adaona mphamvu ya malamulowa posachedwa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Kamuzu Banda lidatsegula masikimu a mpunga wothirira m'zigwa zambiri, monga Limphasa ku Nkhata Bay, Bua ku Nkhotakota, Domasi ndi Likangala kuchigwa cha Chilwa, ndi Muona ku Nsanje. Ku Karonga kudatsegulidwa masikimu monga Hara, Wovwe ndi Lufilya. Akatswiri a zaulimi ochokera ku Taiwan adathandiza pantchitoyi. Mitsinje idatchingidwa, ngalande zidakumbidwa, ndipo madambo adadulidwa m'timinda tofanana.

Ubwino wa masikimuwa sungabisike. Alimi adayamba kukolola mpunga kawiri pachaka, ndipo dzina la Karonga lidamveka m'misika ya m'dziko lonse chifukwa cha mpunga wake. Koma malo amene masikimu adakhalapo sadali tchire lopanda eni. Adali madambo a makolo mmene mabanja ankalima ndi kudyetsa ng'ombe. Atasanduka malo a boma, mlimi wa musikimu sadalinso mwini munda koma wobwereka. Ankauzidwa mbewu yoti abzale ndi nthawi yobzalira, ndipo wosatsata malangizo ankatha kulandidwa kamundako. M'masikimu ambiri mudaikidwanso a Malawi Young Pioneers ndi anthu ena ochokera kutali. M'masiku a chipani chimodzi, munthu amene dambo la agogo ake lidalowa musikimu ankangodandaulira mumtima.

Madzi saiwala khwawa

Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Zinthu zitasintha mu 1993 ndi 1994, gulu la Young Pioneers litathetsedwa ndipo boma litachepetsa ndalama zosamalira masikimu, madandaulo amene adakwiriridwa kwa zaka zambiri adatumphuka. M'masikimu ambiri a m'dziko muno ana ndi adzukulu a eni malo akale adayamba kunena kuti nthakayo ndi ya makolo awo. Amene adalimamo kwa zaka 20 kapena 30 adayankha kuti boma ndilo lidawapatsa, ndipo thukuta lawo ndilo lidasamala ngalandezo. Mafumu nawo adafuna kubwezeredwa mphamvu zogawa mindayo. Padabukanso mikangano pakati pa alimi a musikimu ndi anzawo a kumtunda kwa mtsinje amene ankapatutsa madzi m'chilimwe.

Malamulo oyendetsera dziko a 1994 adabweretsa chitetezo chimene sichidalipo kale. Gawo 28 likuti munthu asalandidwe katundu wake mwachisawawa. Gawo 44 likuti boma lingatenge katundu wa munthu pokhapokha ngati ndi pantchito yothandiza anthu onse, litamudziwitsa mokwanira ndi kumupatsa chipukuta misozi choyenera, ndipo munthuyo ali ndi ufulu wokadandaula kubwalo lamilandu. Gawo 207 likuti nthaka yonse ya Malawi ili m'manja mwa dziko, osati mwa munthu mmodzi. Mu 1996 kudakhazikitsidwa bungwe lofufuza za malo, ndipo zotsatira zake zidabala ndondomeko ya malo ya 2002. Lamulo la ulimi wothirira la 2001 lidatsegula njira yoti masikimu aperekedwe kwa mabungwe a alimi eni ake ogwiritsa ntchito madziwo. Mu 2013 lamulo latsopano la madzi lidalowa m'malo mwa lija la 1969, koma mfundo yoti madzi ndi a dziko lonse idakhalabe. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idavomereza malamulo atsopano a malo, amene amalola munthu kapena banja kulembetsa malo a makolo ndi kulandira chikalata. Mafumu ambiri adadandaula kuti malamulowa akuwachepetsera mphamvu, ndipo mu 2022 adakonzedwanso.

Za pansi pa nthaka nazo zidatsata njira yomweyo. Miyala imene kampani ya Rhodes inkailota idapezekadi: ku Karonga kuli malasha, ndipo ku Kayelekera mgodi wa yureniyamu udatsegulidwa mu 2009. Koma tsopano wopereka chilolezo chokumba ndi boma la Malawi, pakuti lamulo limayesa miyala yonse kukhala chuma cha dziko.

Maiko ena

Nkhani yotereyi si ya Malawi yekha. Ku India, kumene ulimi wa m'midzi yambiri umadalira maiwe okumbidwa ndi anthu osungiramo madzi a mvula, eni malo akuluakulu a m'nthawi ya atsamunda ankati maiwewo ndi awo. Dzikolo litalandira ufulu mu 1947, zigawo zake zidakhazikitsa malamulo othetsa umwini wa anthu amenewa, monga lamulo la chigawo cha Uttar Pradesh la 1950, ndipo maiwe ambiri adalowa m'manja mwa boma ndi makhonsolo a m'midzi. Milandu yolimbirana maiwewo idatenga zaka zambiri m'mabwalo. Mu 2001 bwalo lalikulu la dzikolo lidagamula kuti malo a dziwe la mudzi sangagawidwe kwa anthu kuti amangepo nyumba, ngakhale mbali ina ya dziwelo itauma, chifukwa dziwe ndi chuma cha anthu onse. Woweruza wa ku New Delhi adafika pamfundo imene gogo wa ku Mbande ankaidziwa popanda kupita kusukulu.

Zimene tikuphunzirapo

Mbiri ya Karonga ikutiphunzitsa zinthu zitatu. Choyamba, chikalata chili ndi mphamvu yoposa chilungamo cha chiyambi chake. Mapepala amene mafumu adaikapo zizindikiro cha m'ma 1885 osamvetsa tanthauzo lake adamanga boma lathunthu kwa zaka pafupifupi 50. Munthu asaike dzina kapena chala chake papepala lokhudza malo asadalimvetse, ngakhale wobwera nalo akhale bwenzi lotani.

Chachiwiri, mphamvu ya boma yotenga malo ndi madzi ili ngati mpeni wakuthwa konsekonse. Mphamvu imene idachotsa North Nyasa m'manja mwa kampani ndi yomweyo imene idachotsa madambo ena m'manja mwa mabanja pofuna kutsegula masikimu. Sitinganene kuti mphamvuyi ndi yoipa, pakuti popanda iyo munthu mmodzi wachuma akadatha kutchinga mtsinje ndi kuumitsa minda ya midzi khumi. Sitinganenenso kuti ndi yabwino nthawi zonse. Ubwino wake umaoneka m'mayankho a mafunso awa: Kodi ntchitoyo ithandizadi anthu onse? Kodi eni malo adafunsidwa? Kodi adalandira chipukuta misozi choyenera? Kodi adali ndi bwalo lokadandaulako?

Chachitatu, madzi ndi osiyana ndi katundu wina. Munda uli ndi malire, koma madzi amene ali m'dziwe la munthu lero adachokera kuphiri la Nyika kapena la Misuku, ndipo mawa adzakhala m'munda wa mnzake wa kumunsi. Mwambo wa makolo, zikalata za Johnston ndi malamulo a 1969 ndi 2013, ngakhale zidasiyana pazambiri, zidagwirizana pamfundo imodzi yoti munthu angagwiritse ntchito madzi koma sangawayese akeake.

Chiwerengero cha anthu chikukula, ndipo madambo sakukula nawo. Ophunzira amene akuwerenga nkhani ino ndiwo adzakhale mafumu, alembi a makomiti a malo, maloya ndi atsogoleri a mabungwe a alimi. Tsiku lina wina adzafika pamaso pawo ndi chikalata m'manja, kunena kuti dziwe lakuti ndi lake, ndipo wina adzaimirira wopanda pepala, kunena kuti ng'ombe za agogo ake zinkamwa pomwepo. Patsikulo adzachita bwino kukumbukira zimene zidachitika ku Karonga, ndi kumvetsera onse awiri asadagamule.